Kasitolo ka Tizidole ta Alien ndi Predator mu Mzinda wa Tete

Papita zaka ziwiri chiyambireni kugula tizidole ta zamoyo zoopsa za m'mafilimu a zam'mlengalenga pa kasitolo kena ka mu mzinda wa Tete, ndipo popeza anzanga angapo a kuno ku Ulongwe akhala akundifunsa ngati malowo ndi oyenera kusiyako ndalama, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze pamodzi zimene ndakumana nazo, zokoma ndi zowawa zomwe. Pa nthawi imeneyi ndagulako zidole 9, zina ndinazitenga pashelefu ndi manja anga, zina ndinachita kuitanitsa n'kudikira, choncho ndikuganiza kuti ndaona mokwanira mmene mwini malowo amagwirira ntchito yake.

Kasitoloko sikanatsegulidwe chifukwa cha zidole. Malonda ake enieni ndi machaja, mahedifoni, zotchingira magalasi a mafoni ndi masewera a PlayStation, moti munthu wongodutsa pamsewu sangadziwe kuti mkatimo muli zinthu zimene ena a ife tingakwerere chapa, minibasi ya kuno, kuchokera ku Angonia. Zidole zili pa mashelefu atatu cha kumanja, ndipo zina zaikidwa pazenera kuti zizikopa odutsa, nkhani imene ndiibwerere chifukwa ndi pamene pagona dandaulo langa lalikulu. Mwini wake ndi bambo wachinyamata wolankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi, koma Chichewa amachimva bwino, ndipo zidolezi amazitcha maboneko. Katundu wake amachokera ku Johannesburg, amadzera ku Zimbabwe n'kulowa m'dziko muno pa chipata cha Cuchamano, atanyamulidwa ndi madalaivala a magalimoto akuluakulu amene iye amagwirizana nawo.

Ine zinthu zimenezi zinandilowa m'mutu ndili mwana, m'zaka zotsatira mtendere wa 1992, pamene tinyumba toonetsera mafilimu tinayamba kuchuluka m'misika. Tinkalipira kandalama kochepa n'kukhala pa mabenchi mumdima, jenereta ikulira kuseri, ndipo filimu imene inatisowetsa tulo inali Predator ya 1987, momwe Arnold Schwarzenegger, amene tonse tinkangomutcha Komando, amasakidwa m'nkhalango ndi mlenje wosaoneka wochokera ku dziko lina. Chingerezi sitinkachimva, koma panalibe chofunika kumasulira pamene mlenjeyo anavula chigoba chake n'kuonetsa nkhope ya zibwano zinayi. Filimu ya Alien ndinadzaionera nditakula, ndipo ndi imene inandikhazika pa njira yosonkhanitsa zidole.

Pali chinthu chimodzi chimene mwini kasitoloka amachinena kwa kholo lililonse lolowa ndi mwana, ndipo ndimamuyamikira nacho: izi si zidole zoseweretsa ana. Zimakhala ndi tizidutswa ting'onoting'ono toti mwana angameze, mfundo zake n'zosachedwa kuthyoka, ndipo mtengo wake si wa chinthu choti chikagudubuzike pafumbi. Mbiri ya zidolezi imachitiranso umboni zimenezi. Filimu ya Alien ya Ridley Scott itatuluka mu 1979, kampani ya Kenner ya ku America, imene inali itapindula kwambiri ndi zidole za Star Wars, inapanga chidole cha Alien chotalika mainchesi 18, pafupifupi masentimita 46, n'kuchiika m'masitolo a zoseweretsa ana ngakhale kuti filimuyo inali ya akuluakulu. Makolo anadandaula kuti chinali choopsa, malonda sanayende, ndipo tizidole tating'ono timene kampaniyo inakonza kuti titsatire sitinatulukenso. Tinadzatuluka mu 2013, kampani ya Super7 itatenga zitsanzo zakalezo n'kuzipanga pansi pa dzina lakuti ReAction. Chidole chija cha 1979, chimene makolo anachikana, lero osonkhanitsa amachifunafuna ndi ndalama zambiri.

Pa mashelefu a kasitoloka pamapezeka misinkhu itatu. Pali tizidole ta ReAction timeneti, totalika mainchesi atatu ndi magawo atatu a magawo anayi, topindika pa malo asanu okha, pakhosi, m'mapewa ndi m'chiuno, ndipo tinapangidwa dala kuti tizioneka tachikale. Pali tizidole ta kampani ya ku China ya Hiya Toys, ta mndandanda wotchedwa Exquisite Mini, topangidwa pa mlingo wa 1:18, kutanthauza kuti munthu wotalika masentimita 180 amasanduka kachidole ka masentimita 10. Ndiye palinso zidole za NECA, kampani ya ku New Jersey, zimene zambiri ndi za msinkhu wa mainchesi 7, cha m'ma masentimita 18. Ine mtima wanga uli pa mlingo wa 1:18, ndipo zifukwa zake n'zapansipansi: mtengo wake ndi wotsikirapo, kabokosi kake kamalowa m'chikwama cha m'manja pokwera chapa, ndipo m'nyumba zathu zazing'onozi munthu ukhoza kuimika tizidole khumi pa thabwa limodzi la kabati osasamutsa mbale za amayi a m'nyumba.

Kachidole koyamba kamene ndinagula kanali ka Alien wa mu filimu ya 1979, amene osonkhanitsa amamutcha Big Chap, ndipo ndinalipira meticais 2,800. Chimene chimasiyanitsa chamoyo chimenechi ndi za mu Aliens ya James Cameron ya 1986 ndi mutu. Cha 1979 chili ndi mutu wautali wosalala ngati chipanda, wokutidwa ndi chivindikiro choonekera pang'ono, pomwe za 1986 zili ndi mitu ya mizeremizere yopanda chivindikirocho. Pa kachidole kokwana m'chikhatho, opanga anasunga nthiti zoonekera kunja, mipope ya kumsana, mchira wa mafupa ndi tizala tatitali, ndipo penti wake ndi wakuda wonyezimira ngati chinthu chonyowa. Munthu ukakayang'ana pafupi umamvetsa chifukwa chake H. R. Giger, mmisiri wa ku Switzerland amene anajambula chamoyochi, anali m'gulu la olandira mphoto ya Oscar mu 1980, pakuti sungathe kuloza pamene thupi lathera ndi pamene makina ayambira.

Tsiku limenelo mwini kasitoloyo anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti ananena zoona. Munthu amene anavala chovala cha Alien mu filimu ya 1979 anali wa kuno ku Africa, Bolaji Badejo wa ku Nigeria, mnyamata wowonda wotalika kupitirira mamita awiri, amene ankaphunzira zojambula ku London pamene opanga filimu anamupeza m'malo omwera mowa. Ndiye filimu yokhayo imene anasewera, ndipo anamwalira ku Lagos mu 1992. Kuyambira pamenepo kachidoleka ndimakaona mosiyana, chifukwa miyendo yaitali ija ndi mikono yowonda ija inayezedwa pa thupi la munthu weniweni. Ndatchula zimenezi pofuna kusonyeza kuti wogulitsayu amadziwa katundu wake. M'masitolo ambiri a m'tauni ukafunsa za chinthu amangokuwerengera mtengo, koma uyu akhoza kukuuza kuti Predator wa 1987 anakonzedwa ndi Stan Winston, kuti amene anamuvala anali Kevin Peter Hall, ndiponso kuti Jean-Claude Van Damme anayamba ndiye kulembedwa ntchitoyo asanasiye.

Ubwino wachiwiri, umene kwa ine ndi waukulu kuposa onse, ndi wakuti bamboyu sabisa kuti amagulitsa zenizeni ndi zongokopera zomwe. Zidole za NECA zimakoperedwa kwambiri ndi mafakitale osadziwika, ndipo bokosi limatha kufanana ndi lenileni moti wosazolowera sangasiyanitse. Iye amaziika pa mashelefu osiyana ndi mitengo yosiyana, ndipo ukamufunsa amatsegula mabokosi awiri n'kukuonetsa. Chokopera chimakhala ndi penti wopakidwa mwachangu, wodutsa malire, zithunzi za pabokosi zimaoneka zozimiririka ngati zafotokope, mfundo zina zimakhala zolobodoka pomwe zina n'zomata, ndipo nthawi zambiri chimatulutsa fungo lamphamvu la mankhwala ukangotsegula. Pamene ndinagula Big Chap wamkulu wa NECA, amene amabwera ndi dzira, kachamoyo kokakamira kumaso ndi kena kotulukira pachifuwa, ndinalipira meticais 5,500, pomwe chokopera chake chinali pambali pa mtengo wosafika theka la pamenepo. Anandiuza mosapita m'mbali kuti, "Achimwene, ngati mukufuna chongoimika patali tengani ichi, koma ngati muzichigwiragwira musataye ndalama." Malonda otere sapezekapezeka.

Poitanitsa chinthu chimene palibe pashelefu, umalipira theka kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo katundu akafika amakutumizira zithunzi pa WhatsApp, za bokosi mbali zonse, usanamalize kulipira. Ukakhala kuti wafika wekha amakulola kutsegula ndi kupinda mfundo iliyonse pamaso pake. Ndiyenso amene anandiphunzitsa kuti mfundo yolimba siikakamizidwa, koma umaviika chiwalocho m'madzi otentha osawira kwa kanthawi kuti pulasitiki afewe, kenako n'kupinda pang'onopang'ono. Nzeru imeneyi yandipulumutsira timikono tingapo m'miyezi ya June ndi July, pamene kuzizira kwa kuno ku Angonia kumalimbitsa mfundo ngati zawotcheredwa.

Tsopano ndifike pa zenera lija. Aliyense amene anakhalapo mu Tete m'mwezi wa October kapena November akudziwa kuti kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kumapitirira madigiri 40, ndipo zenera la kasitoloka limayang'ana kumene dzuwa limalowera, choncho kuyambira masana mpaka madzulo kuseri kwa galasilo kumakhala ngati mu uvuni wa buledi. Zidolezi zimapangidwa kwambiri ndi pulasitiki wa PVC, amene amathiridwa mankhwala omufewetsa. Akatenthedwa amafewa mopitirira, ndipo kulemera kwa thupi kumapinda miyendo pang'onopang'ono, kenako akazizira amauma ali chopindika. Kutentha kukapitirira kwa miyezi, mankhwala ofewetsa aja amatulukira kunja, chidole chimayamba kumata m'manja ndipo fumbi lililonse limakakamira. Kuwala kwa dzuwa nako kumazimiritsa penti ndi kusandutsa zoonekera kukhala zachikasu. Munthu wodziwa mbiri ya Bolaji Badejo sangalephere kudziwa zimenezi, n'chifukwa chake zimandidabwitsa kuti katundu wake wabwino kwambiri ndi amene amamuotcha pazenera.

Ine zinandionekera pa kachidole ka Predator wa 1987. Ndinakaona pazenera m'mwezi wa November, ndinakakonda chifukwa cha ukonde wa pathupi pake, mfuti ya paphewa ndi mipeni ya pamkono, ndipo popeza kanali kamodzi kokha ndinakatenga mofulumira osayesa kukaimika. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti mwendo wakumanzere wapindikira mkati kuyambira pabondo, moti ukakaimika kamagwa chafufumimba. Vuto silinali la opanga, chifukwa mnzanga wina ali ndi kofanana nako kochokera m'bokosi losungidwa pamthunzi ndipo kamaima bwinobwino. Ndinayesa njira ya madzi otentha, kuwongola mwendo kenako kuuviika m'madzi ozizira kuti uume uli chowongoka, ndipo zinathandiza ndithu, koma mpaka lero kamaima mothandizidwa ndi kathabwa kake kopondapo, ndipo mbali imene inayang'ana dzuwa ndi yotuwa poyerekeza ndi inzake. Nditamuuza mwini kasitoloyo anangoseka n'kunena kuti dzuwa la Tete silisankha, limaotcha anthu ndi maboneko omwe. Nthabwalayo inali yabwino, koma ndalama zanga sizinali zanthabwala, ndipo sanatsitse ngakhale metikali imodzi. Choncho amene mukupitako, chilichonse cha pazenera muzichiona ngati chithunzi chotsatsira malonda, ndipo muzipempha cha m'bokosi chochokera mkati.

Dandaulo lachiwiri ndi la masiku amene mwini wake palibe. Amasiyapo mnyamata womuthandiza, amene za machaja amazidziwa koma za zidole ayi. Ulendo wina mnyamatayo anandigulitsa chidole cha msilikali wa mu Aliens pa mtengo wa chenicheni, ndipo ndinazindikira kuti n'chokopera ndili kale ku Ulongwe, pamene kachidutswa ka pulasitiki kolumikiza dzanja kanathyoka ndikungosintha dzanja loyamba. Sindikukhulupirira kuti mnyamatayo anachita dala, chifukwa mabokosi anali atasakanikirana pokonza m'sitolo, koma kasitoloka sikapereka lisiti lolembedwa, ndipo panatenga mauthenga a milungu iwiri kuti mwini wake avomere. Potsiriza anandibwezera kusiyana kwa mtengo n'kupepesa, zimene ndikuvomereza kuti ogulitsa ambiri sakanachita. Komabe kapepala kolemba dzina la chinthu, mtengo ndi mawu oti chenicheni kapena chokopera kakanathetsa nkhaniyo tsiku lomwelo.

Za nthawi yodikira ndingonena mwachidule, pakuti aliyense woitanitsa katundu wakunja amazidziwa. Akakuuzani milungu itatu muziwerengera miyezi iwiri, ndipo mtengo womaliza umatha kukwera pang'ono, chifukwa chake n'kukhala randi kapena a alfandega, okhometsa msonkho wa katundu wakunja. Chimene sindingachilekerere ndi kapakidwe ka katundu wotumizidwa kuno. Kawiri ndinamupempha kuti andikwezere phukusi pa chapa yodzera ku Moatize ndi Mussacama, ndipo kawiri konse analikulunga m'jumbo yokha popanda katoni yolimba. Loyamba linafika bwino mwamwayi. Lachiwiri linafika litaphwanyika ngodya ziwiri, likununkha nsomba zouma zimene linagona nazo pansi pa mpando. Chidole cha mkati sichinavulale, koma kwa osonkhanitsa bokosi ndi gawo la mtengo wa chinthucho, ndipo tizidole ta ReAction makamaka timasungidwa tili chimatire pa khadi lake losatsegula. Kuyambira pamenepo ndimadikira ulendo wanga wa ku Tete, kapena ndimatuma mlamu wanga amene amayenda pa galimoto ya kuntchito.

Pali kanthu kena kamene wogulitsa wa m'tauni sangakuuzeni, koma ife a kumtunda kuno tiyenera kukaganizira. Azakhali anga atabwera kudzacheza kuchokera kumudzi, anaima patsogolo pa kabati n'kuyang'anitsitsa Big Chap kwa nthawi yaitali, kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanawe, kodi izi wazitenga kwa sing'anga uti?" Ndinachita kuwaonetsa bokosi, zilembo za fakitale pansi pa phazi ndi kachigawo ka filimuyo pafoni kuti mtima wawo ukhale pansi, ndipo ngakhale pamenepo anapempha kuti usiku ndiziphimba kabatiyo ndi kapulana, chitenje cha kuno. Ndinaphunziranso kusamala ndi mawu. Poyamba ndinkazitcha zilombo, koma kwathu kuno mawu amenewo ali ndi eni ake kudambwe, ndipo malume anga anandikumbutsa kuti si bwino kuwagwiritsa ntchito pa zidole za pulasitiki pamaso pa akuluakulu. Choncho amene mukuyamba kusonkhanitsa muli m'nyumba ya anthu ambiri, ndi bwino kuyamba ndi tizidole ta anthu, monga Ripley, mayi wa mu filimu ya Alien, kapena asilikali, ndipo zamoyo zoopsazo zizilowa banja litazolowera.

Nanga kasitoloka n'koyenera kupitako? Kwa munthu wa m'chigawo cha Tete amene alibe khadi la banki logulira pa intaneti, kapena amene safuna kutumiza ndalama kwa munthu wosamuona n'kulandira chokopera, ine sindinapeze pena pomwe ungagwire chidolecho m'manja usanalipire, ndipo zimenezo zokha zimaphimba zambiri mwa zolakwika zimene ndatchula. Mitengo ndi yokwera kuyerekeza ndi imene mumaiona pa masamba a masitolo a ku America, koma amene amadandaula zimenezo amaiwala mtunda umene bokosilo layenda ndi manja amene ladutsamo. Kusankha n'kochepa, chifukwa Alien ndi Predator ndi amene adzaza mashelefu, pomwe za mafilimu ena ngati The Thing ya John Carpenter ya 1982 zimachita kuitanitsidwa. Pitani tsiku limene mwini wake alipo, muyambe mwamuimbira, mupemphe za m'bokosi, muimike chidolecho pa kauntala musanatulutse foni yolipirira, ndipo mumuuze akulembereni pa kapepala chimene mwagula.

Ineyo ndaitanitsa MacReady, munthu wa ndevu amene Kurt Russell anasewera mu The Thing, filimu yochitikira ku Antarctica, ndipo ndauza wogulitsayo kuti bokosilo likafika lisaone zenera ngakhale ola limodzi, popeza munthu wa ku Antarctica sangapirire dzuwa la ku Nyungwe. Theka ndalipira kale. Pa chithunzi chimene ananditumizira sabata yatha ndinaona kuti wapachika nsalu yotchinga mbali ya kumtunda kwa zeneralo, koma shelefu ya pansi, pamene pali Predator wina watsopano, idakali padzuwa.